Ulendo wa pa Shire ndi Makwerero a Madzi

Ana a ku Lungwena adziwa kuti madzi a m'nyanja yathu ali pa muyeso umodzi, kotero kuti munthu akhoza kupalasa kuchokera kuno kufikira ku Makanjira osakwera chitunda. Koma mtsinje suli wotero ayi. Mtsinje umatsika masiku onse, ndipo pamene dziko latsetsereka kwambiri madzi amagwa ndi mkokomo waukulu. M'phunziro ili tiona ulendo wa tsiku limodzi pa Shire, ndiponso chimene anthu amachita akafika pamene ngalawa singathe kupitirira.

Wofuna kutsika ndi Shire ayenera kulawirira mbandakucha, mphepo ya mwera isanautse mafunde. Ngalawa ya injini ichoka pa doko niloza kummwera, dzuwa lisanatuluke kuseri kwa mapiri a Namizimu. Ipitirira pa Malindi, pamene amishoni a U.M.C.A. ankakonzera sitima zawo kale. Patsogolo pake magombe awiri ayamba kuyandikana, ndipo nyanja itha, mtsinje nuyamba. Mitsinje yothira m'nyanja yathu njambiri, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, ndiwo Shire. Pa khomo pakepo pali mchenga, ndipo woyendetsa ngalawa ayenera kudziwa pamene pali pakuya. Madzi a m'nyanja ataphwa kwambiri, mchenga ndi zomera zinatseka khomo limeneli kuyambira mu 1915, ndipo Shire sanayendenso bwino kufikira mu 1935.

Ngalawa ipita pa mudzi wa Mponda, nidutsa pansi pa mlatho wa ku Mangochi. Boma limeneli linayamba mu 1891, ndipo dzina lake loyamba linali Fort Johnston. Dzuwa likafika pamutu apaulendo ali m'nyanja ya Malombe, imene ili yotakata koma yosaya, ndipo asodzi amaphamo kambuzi. Kutuluka m'Malombe mtsinje uyenda mwakachetechete pakati pa bango, gumbwa ndi migwalangwa. Mvuu zitulutsa mphuno, ng'ona ziothera dzuwa pamchenga, ndipo njovu za m'nkhalango ya Liwonde zitsikira kudzamwa. Apa mwana wanzeru saviika dzanja m'madzi. Madzulo ngalawa ikocheza ku Liwonde, pamene pali zitseko zazikulu zimene anamanga mu 1965 kuti ziziyesa madzi otsika ndi mtsinje.

Tsiku lonseli ngalawa sinakumane ndi mathithi. Koma kunsi kwa Liwonde, kuyambira pa Matope, Shire asanduka wina. Agwa pa Kholombidzo, pa Nkula, pa Tedzani, pa Mpatamanga ndi pa Kapichira, ndipo pofika ku chigwa cha Chikwawa watsika mapazi ngati 1,200. Palibe ngalawa ingathe kukwera kapena kutsika pamenepo. Sitima ya David Livingstone inalephera pa Kapichira mu 1859, ndipo iye anafika ku nyanja yathu pa miyendo. Pambuyo pake anabwera ndi sitima ina, dzina lake Lady Nyassa, nayamba kulambula msewu kuti ainyamule. Koma anamuitana kwawo mu 1863, ndipo sitimayo sinaione nyanja imene anaipangira.

Nanga sitima zoyamba zinafika bwanji kuno? Zinafika pa mitu ndi pa mapewa a anthu. Mu 1875 E. D. Young ndi Robert Laws anafika pansi pa mathithi ndi sitima ya Ilala. Anaimasula chitsulo chimodzichimodzi, ndipo amtengatenga mazanamazana anasenza zitsulozo m'njira ya miyala, dzuwa likuswa mtengo, mtunda wa mamailosi ngati 60. Palibe chitsulo chimene chinasowa panjira. Kumtunda kwa mathithi anailumikizanso, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 October chaka chomwecho. Sitima ya Chauncy Maples nayo, imene anaipanga ku Glasgow, inadza m'zidutswa zoposa 3,000. Chowiritsira madzi chake chinali cholemera matani 11, ndipo amuna 450 anachikoka pamtunda. Anailumikiza kwa Mponda, nailowetsa m'madzi mu 1901.

Tsono tione nzeru ina imene anthu a ku England anagwiritsa ntchito. Iwo anakumba ngalande zazitali zolumikiza mitsinje ndi mizinda yawo, monga ngalande ya Bridgewater imene anaitsegula mu 1761 kuti azitengera malasha ku Manchester. Ngalawa zoyenda m'ngalande zambiri za kumeneko nzopapatiza ndithu: m'lifupi mwake mapazi 7 okha, koma m'litali mapazi ngati 70. Kale kavalo mmodzi ankaikoka ndi chingwe, akuyenda m'kanjira ka m'mbali mwa madzi, ndipo mwini ngalawa ankagona ndi banja lake m'kachipinda ka kumbuyo. Masiku ano ngalawazo zili ndi injini, ndipo ambiri amayendamo pocheza chabe. Ziyenda pang'onopang'ono, monga munthu woyenda ndawala.

Ngalande ikafika pa chitunda, amamangapo chipinda cha madzi chimene Angelezi amachitcha lock. Chili ndi makoma awiri a njerwa kapena miyala, ndi zitseko zolimba za matabwa kumtunda ndi kunsi. Ngalawa yochokera kunsi ilowa, ndipo munthu atseka zitseko pambuyo pake. Kenaka apukusa chitsulo chotsegulira timazenera ta kumtunda, madzi nayamba kulowa m'chipindamo. Madzi akamakwera ngalawa ikwera nawo, monga chikho chikwera mumtsuko pamene mayi athiramo madzi. Madzi a m'kati akalingana ndi a kumtunda, atsegula chitseko cha kutsogolo, ngalawa nituluka ili pamwamba. Potsika achita zomwezo mobwerera: ataya madzi a m'chipinda kufikira alingane ndi a kunsi.

Pali chinthu chimodzi choyenera kuchikumbukira. Madzi a mbali ziwiri asanalingane, chitseko sichitseguka, ngakhale amuna khumi achikankhe, pakuti madzi a kumtunda achipanikiza ndi kulemera kwawo. Koma akalingana, mwana yemwe akhoza kuchikankha ndi msana. Chotero wapaulendo ayenera kudikira mphindi 10 kapena 15 pa chipinda chilichonse. Ayeneranso kutseka zonse pochoka, chifukwa wosiya zenera lotsegula ataya madzi, ndipo anzake obwera pambuyo apeza ngalande itaphwa. Pamene chitunda chili chachitali amandandalika zipinda zambiri ngati makwerero. Pa Tardebigge pali zipinda 30 zotsatana, zokweza ngalawa mapazi 220, ndipo kuzidutsa zonse ndi ntchito ya maora ambiri. Sitima zazikulu za pa nyanja yamchere nazo zimakwera motero pa ngalande ya Panama, imene inatsegulidwa mu 1914.

Wina afunsa kuti, "Bwanji sanamange makwerero otere pa Shire?" Tiyeni tiwerenge. Chipinda chimodzi chikakweza ngalawa mapazi 10, pa mapazi 1,200 pafunika zipinda 120, zosema m'thanthwe, m'mbali mwa mtsinje umene umasefukira ndi mvula. Chifukwa chake katundu wopita ku nyanja ankatsika m'sitima kwa Katunga, nadzera ku Blantyre pa mitu ya anthu kufikira ku Matope, mpaka njanji ndi misewu zinalanda ntchitoyo. Koma mathithi aja amene anatseka njira ya ngalawa sanakhale opanda pake, pakuti kuyambira mu 1966 madzi ogwa pa Nkula akhala akupanga magetsi, ndipo pambuyo pake anamanganso pa Tedzani ndi pa Kapichira.

Mabuku asunga maina a Young ndi Laws, koma maina a amtengatenga aja sanalembedwe. Komabe popanda iwo sitima sizikanafika pa nyanja yathu m'masiku amenewo. Ntchito imene ku England inachitidwa ndi zitseko ndi madzi, kuno inachitidwa ndi makosi a anthu amene anasunga katundu wa eni mokhulupirika, ndipo tiyenera kuwakumbukira ndi ulemu.

Mafunso

1. Tchulani malo amene ngalawa ipitapo kuchokera ku Lungwena kufikira ku Liwonde.
2. Kodi sitima ya Ilala inapitirira bwanji mathithi a pa Shire?
3. Chifukwa ninji chitseko sichitseguka madzi asanalingane?
4. Ngati chipinda chimodzi chitenga mphindi 15, zipinda 120 zingatenge maora angati?