Kuyeza Kuwala: Pentax K1000 ndi Canon AE-1

Anzanga, pojambula ndi filimu kuwala kukachuluka kapena kuchepa, chithunzi chimaonongeka, ndipo mumazindikira mutalipira kale otsuka. Tiyeni tiyerekeze makamera awiriwa, omwe anatuluka mu 1976.

Mukasuzumira mu K1000 mumaona kasingano chakumanja. Mumasintha nokha kukula kwa bowo la lenzi ndi liwiro la shata mpaka kasinganoko kaima pakati. Batire likatha imaleka ndi mita yokha, kamera imajambulabe.

AE-1 ndi yachangu. Inu mumangosankha liwiro, monga 1/500 pojambula mpira, iyo nkusankha bowo loyenera. Koma popanda batire siijambula ngakhale chithunzi chimodzi.

Mamita onsewa amanyengeka. Munthu akaima kutsogolo kwa zenera lowala, mita imawerenga kuwala kwa kumbuyoko, nkhope nkutuluka yakuda bii. Choncho yandikirani, muyeze pankhope, muike bowolo nokha, kenaka mubwerere m'mbuyo.

Ine ndimakonda K1000 chifukwa imandikakamiza kuganiza. Mita yake ikaleka, padzuwa loswa mtengo ndimaika f/16 ndi 1/125 pa filimu ya ISO 100.