Tchizi cha Mkaka wa Mbuzi ndi Utomoni wa Papaya

Kwa Chikweo, m'boma la Machinga kufupi ndi nyanja ya Chiuta, mbuzi ndi nkhokwe ya banja. Imagulitsidwa pakafunika fizi kapena pakagwa matenda, imaphedwa pa Idi, koma n'kovuta kuona munthu akuikama. Nkhani ino ikufunsa ngati mkaka wake ungapangidwe tchizi pogwiritsa ntchito zomera, komanso ngati tchizi chotero chili ndi phindu m'thupi.

Chambiko timachidziwa: mkaka umasasa wokha n'kugwirana. Tchizi chambiri chimasiyana nacho poti mkaka umaundanitsidwa ndi enzayimu yotchedwa chymosin, imene kuyambira kale inkatengedwa m'chifu cha mwana wa ng'ombe woyamwa. Kudera la Asilamu ambiri ngati kwa Chikweo, funso lakuti nyamayo inachinjidwa bwanji si laling'ono, ndipo zomera zimachotsa nkhawa imeneyi. Ku Portugal, tchizi cha Serra da Estrela chimapangidwa ndi mkaka wa nkhosa ndi maluwa a chomera chaminga cha cardoon. Afulani a ku Benin amaundanitsa mkaka wa ng'ombe ndi chitsamba cha Calotropis procera popanga wagashi. Kwathu kuno tili ndi papaya, amene utomoni wake uli ndi enzayimu ya papain.

Mawu oti antioxidant amativuta ife ophunzira chiyankhulo. Ena amangoti "zoteteza thupi", koma katemera nayenso amateteza thupi. Fanizo labwino ndi mbatata yosenda imene imada ikakhala pamphepo, kapena khasu lochita dzimbiri. Kuwonongeka kofananako kumachitika m'maselo athu, ndipo antioxidant ndi chimene chimakuchepetsa. M'tchizi, enzayimu imadula puloteni ya mumkaka yotchedwa casein kukhala tizidutswa, ndipo tina mwa tizidutswato timagwira ntchito imeneyi. Enzayimu za m'zomera zimadula kwambiri kuposa chymosin, motero tizidutswa timachuluka.

Vuto lagona pomwepo. Kudula kopitirira kumawawitsa tchizi, kumachifewetsa, ndipo puloteni ina imatayikira m'madzi otsala. Mkaka wa mbuzi nawonso umaundana mofewa kuposa wa ng'ombe, choncho utomoni ukachuluka pang'ono mumphika mumatsala phala lowawa.

Tiyeneranso kukumbukira kuti mphamvu ya antioxidant imayezedwa kawirikawiri m'timabotolo ta mu labotale, osati mwa munthu. Wina akadzayamba kutsatsa tchizi chotere pamsika ngati mankhwala a shuga kapena khansa, ameneyo adzakhala akunama. Phindu lake losakayikitsa ndi puloteni, mafuta ndi kashiamu kwa mwana amene amadyera nsima masamba okha.

Komabe, chosowa kwa Chikweo si papaya ayi, koma mkakawo. Mbuzi zachikuda zimatulutsa wochepa, wongokwanira ana ake, kusiyana ndi zamkaka monga Saanen. Amene waupeza ayambe wautenthetsa pa madigiri 63 kwa mphindi 30, chifukwa utomoni supha tizilombo ta brucellosis.