Maere M'thumba: Momwe Akatswiri Amafufuzira Khalidwe la Anthu

Mlimi wa ku Mponela akafuna kudziwa ngati manyowa ali ndi phindu, sathira munda wonse. Amaugawa pawiri, nabzala mbewu imodzimodzi tsiku limodzi, koma manyowawo amathira mbali imodzi yokha. Pokolola ndiye amayerekeza madengu. Akatswiri ofufuza maganizo ndi khalidwe la munthu amatsata njira yomweyi, kungoti anthu sali ngati chimanga: wina ndi wamantha, wina ndi wachangu, wina amakhala kuseri kwa phiri. Wofufuza akamasankha yekha olowa m'gulu ili kapena ilo, angathe kuika achangu onse mbali imodzi mosadziwa, ndipo zimene angapeze zingakhale zosokeretsa. N'chifukwa chake magulu amagawidwa mwa maere.

Chitsanzo chabwino chinachitika m'dziko muno m'chaka cha 2004, m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Pa kafukufukuyo zotsatira za kuyeza kachilombo ka HIV sizinkatuluka tsiku lomwelo, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti anthu amalephera kukazimva chifukwa cha mantha. Mayi Rebecca Thornton anafuna kuyesa maganizo amenewa. Aliyense woyezedwa ankapisa dzanja m'thumba ndi kutola chizindikiro cha ndalama zimene akalandire akapita kukamva zotsatira zake. Ena anatola zochepa, ena zochulukirapo, ena sanatole ndalama konse. Otsirizawa ndiwo anali ngati mbali ija yopanda manyowa. Malo okamverako zotsatira anasankhidwanso mwa maere, kotero kuti ena anayandikira, ena anatalikira.

Mwa anthu 100 alionse amene sanalonjezedwe kanthu, 34 okha ndiwo anapita. Koma ngakhale kandalama kochepetsetsa kanachititsa kuti chiwerengerocho chiwirikize kawiri, ndipo otalikira anapita ochepa poyerekeza ndi oyandikira. Mantha alipo ndithu, koma mantha ogonja ndi kandalama kotere sangakhale chopinga chachikulu chija. Zikuoneka kuti mtunda ndi kuzengereza zinali ndi mbali yaikulu.

Masiku ano zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo, komabe funsoli likadalipo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene mayi wodumpha tsiku la sikelo amafulumira kutchedwa waulesi, wina asanawerenge zitunda ndi mitsinje imene amawoloka ali ndi mwana kumbuyo.

Ofufuza akafika m'mudzi, amene wagwera m'gulu losalandira kanthu asaganize kuti pachitika tsankho, pakuti popanda gulu lakelo palibe poyerekezera. Iwo ayenera kufotokoza cholinga chawo asanayambe, ndipo munthu ali ndi ufulu wokana popanda kumanidwa chithandizo ku chipatala.