Galu wosochera ndi wa yani?

M'nkhani ino ndikufuna kukambako za malo osungirako agalu ndi amphaka osochera. Anzanga ambiri amaseka nkhaniyi, amati ndi zachizungu, ndipo ndimawamvetsa. Tikamva mawu oti chiweto timaganiza za mbuzi, nkhuku ndi ng'ombe, zomwe tingagulitse fizi ikavuta. Galu timamusunga kuti azilonda pakhomo, ndipo amadya makombo. Akasowa timangoti abwera yekha, galu saiwala kwawo.

M'tauni zinthu siziyenda choncho. Galu wosochera amawonda, amayamba kufukula m'maenje a zinyalala, ndipo anthu akamuona akuyenda mwamantha amakuwa kuti ndi wachiwewe. Chotsatira chake ndi miyala. Manthawa ali ndi maziko. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo atalumidwa ndi galu, ndipo zizindikiro zikayamba kuoneka wodwalayo sachira.

Apa mpamene ntchito ya mabungwe monga LSPCA ya ku Lilongwe, yomwe idayamba mu 2008, ndi Blantyre SPCA imaonekera. Galu akafika kumeneko madokotala a ziweto amamupima, amamubaya katemera ndiponso kumufula kapena kumutseka kuti asaswane. Mwini wake akapanda kubwera, amamufunira banja lina.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi galu yemwe waluma munthu. Galu wotere amayenera kutsekeredwa ndi kuyang'aniridwa masiku 10. Akatha masiku onsewo ali bwinobwino, ndiye kuti malovu ake analibe kachilombo tsiku lomwe adalumalo. Koma galu wogendedwa n'kutayidwa kudzala amapita ndi yankho lake, banja la wolumidwa n'kutsala mtima uli m'mwamba. Komabe wolumidwayo asadikire masikuwo: atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala.

Ntchito zotere zimafuna anthu ongodzipereka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mothandizana ndi boma komanso Blantyre SPCA, lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amasiya kufala. Galu wobayidwa ankamupaka penti pamutu kuti adziwike.

Nanga ife ophunzira ziyankhulo tilowa pati? Ndaona kuti zidziwitso zambiri za agalu osowa zimalembedwa m'Chingerezi n'kuikidwa pa Facebook. Chonsecho amene amamuona galuyo ndi alonda, akabaza, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi ana opita kusukulu. Chidziwitso chachidule cha m'Chichewa, chotchula maonekedwe a galu, dzina lomwe amavomera ndi dera lomwe adasowera, chingakhomedwe pachigayo ndi pampopi wa madzi, pomwe anthuwa amadutsa tsiku ndi tsiku. Kuchilemba ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe kwa wophunzira wa chaka choyamba.