Kacotsedwe ka Zotsekera za m'Buloko ya Injini

Alimi anzathu amene ali ndi galimoto, lole kapena thirakitala adziwa tsoka la injini yotentha pa nyengo yonyamula cimanga ndi fodya kunka ku msika. Nthawi zina cimene cimabweretsa tsokali ndi kacitsulo kozungulira ngati ndalama, kamene amakaniko amati core plug.

Buloko ya injini imaumbidwa pothira citsulo cosungunuka m'cikombole ca mcenga. Citsulo cikazizira, mcenga wa m'kati amaucotsera pa mabowo a m'mbali, nawatseka ndi tizitsulo timeneti. Kuseri kwace kumayenda madzi oziziritsa injini. Popeza tizitsuloti n'topyapyala, dzimbiri limatidya kuyambira m'kati, ndipo mwini amazindikira madzi atayamba kale kudontha.

Tsono pamene injini yatsitsidwa kuti ikonzedwe, ticotse zotsekera zonse, tisasiye n'cimodzi comwe. Pa injini zambiri cina cimakhala kumbuyo, ndipo kuti munthu acifikire ayenera kuyamba watsitsa giyabokosi. Wocisiya lero adzalipira makaniko kawiri.

Ticite motere:

1. Injini itazizira, tikhuthule madzi ndi oilo yense.

2. Tiike citsulo cobuntha m'mphepete mwa core plug, osati pakati, ndi kugogoda ndi hamala pang'onopang'ono kufikira itapendekeka. Pamenepo tiikoke ndi pulayala. Ikagwera m'kati tiiturutse ndithu, cifukwa idzatsekereza njira ya madzi.

3. Tisakande milomo ya bowo. Bowo lokandika limadontha ngakhale titaikapo cotsekera catsopano.

4. Zotsekera za mazinga za m'njira za oilo timasule ndi sipanala yokwana bwino, ndipo titsuke njirazo kuti litsiro lisakadye mabering'i.

5. Oil seal ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kwa crankshaft tiitukule mosamala, tisakande pamene shafiti imatsetsereka. Yatsopano tiipake oilo, mlomo wace upenye m'kati kumene kuli oilo.

Cotsekera cakale cisabwererenso pa malo pace, ngakhale cioneke cabwino. Pomaliza, m'rediyeta tisathiremo madzi amatope a kudambo. Tithiremo madzi oyera osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri. Mtengo wa zotsekera zonse pamodzi ndi wocepa kwambiri pouyerekeza ndi wa injini yong'ambika, kapena wa fodya wobvumbidwa m'njira lole itafa.