Kuotcha Nkhuku pa Mbaula ya Magetsi

Mwa ziŵeto zonse za pamudzi palibe china chofala ngati nkhuku. Munthu wopanda ng'ombe kapena mbuzi sasoŵa nkhuku, ngakhale ziŵiri zokha. Kwa Acheŵa ndi Angoni okhala m'mapiri a Dedza, nkhuku ndiyo ndiwo ya ulemu. Mlendo akafika kuchokera kutali, mwini nyumba agwira nkhuku, naipha, ndipo nthutumba yake aiika m'mbale ya mlendoyo, kuti adziŵe kuti nkhukuyo yafera iye. Akulu amati, "Mlendo ndi mame," pakuti sakhalitsa. Chifukwa chake ayenera kudya bwino asanachoke.

Makolo akale ankaphika ndi kuotcha nyama pa moto wa nkhuni, pakati pa mafuwa atatu. Pambuyo pake kunadza mbaula ya makala. Tsopano m'nyumba zina za m'matauni muli moto wachitatu, wosafuna nkhuni ndi wosasiya phulusa, ndiwo moto wa magetsi. Anthu ophika pa moto umenewu ngoŵerengeka. Pa kalembera wa chaka cha 2018 kunapezeka kuti mwa mabanja 100 a m'Malaŵi, 77 amaphikira nkhuni, 18 makala, ndipo aŵiri okha ndiwo amaphikira magetsi. Komabe mwana wa sukulu ayenera kuudziŵa moto umenewu, pakuti tsiku lina adzaupeza, kaya kwao, kaya ku ntchito.

Moto wa magetsi uli ndi ulendo wautali. Mvula ikagwa pa phiri la Dedza, limene msinkhu wake ndi mamita 2,198, madzi ena atsikira mu mtsinje wa Linthipe, nakathira m'nyanja ya Malaŵi m'boma la Salima. M'nyanjamo madzi atuluka ndi mtsinje wa Shire. Pa mathithi a mtsinjewo anthu anamanga makina amene madzi awazunguza: pa Nkula m'chaka cha 1966, pa Tedzani m'chaka cha 1973, ndi pa Kapichira m'chaka cha 2000. Makinawo akamazungulira abala magetsi, ndipo magetsiwo ayenda m'mawaya kufikira abwerera ku mapiri kumene mvula ija inagwa. Magetsi ena achokera ku dzuŵa. Ku Golomoti, kunsi kwa mapiri m'boma lomwelo la Dedza, kuli malo otchera mphamvu ya dzuŵa amene anayamba ntchito m'chaka cha 2022, ndipo atulutsa mamegawati 20.

Mbaula ya magetsi yootchera nyama siivuta kuimvetsa. Pamwamba pake pali waya woyalapo nyama. Pansi pa wayayo pali chitsulo chopindapinda, ndipo m'kati mwa chitsulocho muli kawaya kopangidwa ndi zitsulo ziŵiri zosanganiza, nickel ndi chromium. Magetsi apita movutika m'kawayako, ndipo m'kuvutikamo kawayako katentha mpaka chitsulo chonse chifiira. Munthu amene anatulukira msanganizo wa zitsulo zimenezi ndiye Albert Marsh wa ku America, ndipo boma la kwao linamlembera umwini wa nzeruyo m'chaka cha 1906. Pansi penipeni pali mbale yolandira mafuta odontha, ndipo pambali pali kabatani kopotokola, kokuzira kapena kuchepetsera moto. Mbaula ya mawati 2,000 ikayaka ora lathunthu idya mayunitsi aŵiri a magetsi.

Asanayatse moto, wootcha ayenera kuyamba wadziŵa mtundu wa nkhuku yake. Nkhuku zoyera zoŵeta m'khola zikula msanga, monga masabata 6 okha, ndipo nyama yake njofeŵa. Zimenezi zipita pa moto zili zaziŵisi. Koma nkhuku yachikuda, imene yakhala miyezi yambiri ilikupalasa m'minda, nyama yake njokoma koma njolimba. Ikaikidwa pa waya yosaphika, iuma ngati chikopa isanapse. Imeneyi iyenera kuyamba yaŵiritsidwa m'madzi a mchere kufikira itayamba kufeŵa. Ku Dedza ntchito imeneyi ichedwa pang'ono, ndipo chifukwa chake nachi: tauni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, kumene mpweya uli wopepuka, kotero kuti madzi aŵira pa madigiri 95, osati 100 monga achita kugombe la nyanja yamchere. Madzi aoneka ngati aŵira kwambiri, koma kutentha kwao nkochepa. Mayi wa ku Bembeke ayenera kudikira mphika wake nthaŵi yaitali kuposa mnzake wa ku Nsanje.

Nkhuku itasosoledwa ndi kutumbulidwa, aidula nthuli: ntchafu, miyendo, mapiko, nganga ndi msana. Nthuli zazikulu azicheka pang'ono ndi mpeni kufikira pafupa, kuti moto ndi mchere ziloŵe m'kati. Tsono asinja adyo ndi tsabola wa kambuzi pang'ono, nasanganiza ndi mchere, madzi a mandimu ndi mafuta ophikira. Nthuli zonse azipaka msanganizowo, nazivundikira pamalo pozizira kwa ora limodzi. Ngati zidzakhalitsa kuposa apo, malo ake ndi m'firiji.

Nyama yaiŵisi ya nkhuku imakhala kaŵirikaŵiri ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa Salmonella ndi Campylobacter, timene tidwalitsa munthu m'mimba ndi kumpatsa malungo. Ana aang'ono, nkhalamba ndi amayi apakati ndiwo avutika nato koposa. Chifukwa chake wogwira nyama yaiŵisi asambe m'manja ndi sopo, natsuke mpeni ndi thabwa lodulirapo asanaduleko tomato kapena anyezi. Mbale imene munali nyama yaiŵisi isalandire nyama yakupsa isanatsukidwe.

Zonse zitakonzeka, mbaula aiika pamalo pouma ndi posapendekeka, pafupi ndi zenera lotsekula, naiyatsa kuti iyambe yatentha kwa mphindi 10. Nyama yoikidwa pa waya wozizira ikakamira ndi kunyotsoka poitembenuza. Wootcha apaka waya mafuta pang'ono, nayala nthuli mosapanikiza, khungu pansi. Ntchafu ndi miyendo ziyambe kupita, pakuti zichedwa kupsa. Nganga ndi mapiko zitsate pambuyo. Moto ukhale wapakati, ndipo nthuli azitembenuza pakapita mphindi 5 zilizonse. Nthuli za mafupa zifuna mphindi 30 kapena 40.

Apa ndipo alakwa ambiri. Poona kuti moto ubwera ndi kungopotokola kabatani, aganiza kuti nkhuku nayonso ipsa mwa changu chomwecho, nakuza moto kufikira pamapeto. Khungu lida, lipserera, koma pafupa pali magazi. Moto ndi watsopano, koma nyama ndi yomwe ija ya makolo, ndipo kutentha kuloŵa m'kati mwake pang'onopang'ono. Mwambi uja wakuti "Kuthamanga sikufika" ugwira ntchito pa magetsi monga pa nkhuni. Momwemonso msuzi wa tomato wothira shuga kapena uchi, umene ena akonda kupaka pa nyama, usapakidwe poyamba, pakuti shuga apserera msanga naŵaŵitsa nyama. Nthaŵi yake ndi mphindi 10 zotsiriza.

Nanga wootcha adziŵa bwanji kuti nkhuku yapsa? Maonekedwe a khungu anyenga. Iye atenge ntchafu yaikulu koposa zonse, naiboole ndi mpeni kufikira pafupa. Madzi otuluka akhale oyera, opanda kufiira, ndipo nyama ya pafupa isakhale yoterera ngati yaiŵisi. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya adziŵa bwino koposa: pakati pa nthuli payenera kufika madigiri 74, ndipo pamenepo tizilombo tija tafa. Nyama ikaphulidwa ipumule mphindi 5 yovundikira, kuti msuzi wake ukhazikike m'kati.

Magetsi amathima nthaŵi zina osalaŵira. M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lonse linakhala miyezi yambiri likugaŵana magetsi opereŵera kufikira makinawo anakonzedwa m'chaka cha 2023. Magetsi akathima nkhuku isanapse, isasiyidwe pa waya kudikira madzulo, pakuti m'nyama yofunda ndimo tizilombo tiswana msanga. Itsirizidwe nthaŵi yomweyo mumphika kapena pa moto wina.

Moto wa magetsi uli ndi zoopsa zake. Magetsi a m'nyumba za m'Malaŵi ali ndi mphamvu ya mavoti 230, yokwana kupha munthu wamkulu. Mbaula isagwidwe ndi manja onyowa, isaikidwe pa mvula, ndipo chitsulo chake chisamizidwe m'madzi pochitsuka. Chingwe chonyotsoka kapena chopyapyala chitentha, ndipo chingathe kupsereza nyumba. Mafuta odontha akagwira moto, choyamba ndicho kuzimitsa magetsi pakhoma, ndi kuvundikira motowo ndi chivundikiro chachitsulo. Madzi asathiridwepo konse. Koma uli ndi ubwino umodzi waukulu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu chiluma ku Dedza, anthu ena aloŵetsa mbaula ya makala m'nyumba natseka chitseko. Makala oyaka atulutsa mpweya wakupha, wopanda fungo ndi wopanda maonekedwe, umene ugoneka munthu tulo tosadzuka. Chitsulo cha magetsi sichitulutsa mpweya umenewo.

Ubwino wina uoneka m'nkhalango. Pootcha makala m'uvuni wadothi, nkhuni zolemera makilogalamu 7 kapena kuposapo zibala kilogalamu imodzi yokha ya makala. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, liletsa kuotcha makala popanda chilolezo, koma mapiri ambiri ameteka ndithu. Phiri likasoŵa mitengo, mvula ithamanga pamwamba niikokolola nthaka, ndipo akasupe aphwa chilimwe chisanathe. Matope ochokera m'mapiri ometeka a m'mbali mwa Shire akwirira madamu, nachepetsa magetsi. Potero moto wa magetsi nawonso udalira mitengo. Nkhalango ya Chongoni ndi mitengo ya pa phiri la Dedza zisunga madzi amene tsiku lina adzafiiritsa chitsulo cha m'mbaula.

Nkhuku itapsa, nsima itaomoledwa, ndi mbatata ya kachewere ya m'minda ya Dedza itaikidwa pambali, mwana atenga madzi, nagwada pamaso pa mlendo, nati, "Zikomo amalume, sambani, nsima yapsa." Mlendoyo safunsa ngati nkhuku yapsera pa nkhuni, pa makala kapena pa magetsi. Iye anyema nthuli, nayang'ana pafupa.

MAFUNSO

1. Fotokozani ulendo wa madzi kuchokera pa phiri la Dedza kufikira asanduka moto wa m'mbaula.
2. Chifukwa ninji nkhuku yachikuda iyenera kuyamba yaŵiritsidwa? Nanga chifukwa ninji ichedwa kufeŵa ku Dedza?
3. Tchulani njira ziŵiri zodziŵira kuti nkhuku yapsa.
4. Wootcha achitenji magetsi akathima nyama isanapse?
5. Mbaula ya mawati 2,000 yayaka theka la ora tsiku lililonse kwa masiku 6. Yadya mayunitsi angati?