Penti wa Injini ya Boti: Phunziro la Sayansi ndi Masamu ku Likoma

Mphunzitsi amene watumizidwa ku Likoma kaŵirikaŵiri amadandaula kuti pa chilumba palibe zipangizo zophunzitsira sayansi. Ife dandaulo limeneli sitilivomereza. Pa gombe la Mbamba ndi pa madooko a asodzi a usipa pali maboti a injini zomangirira kumbuyo, ndipo zambiri mwa izo zili ndi malo okalika, pamene mwendo wa injini unagunda mwala kapena kukhulika pa mchenga. Malo okalikawo ndi phunziro lokwanira ana a Sitandade 7.

Yambani ndi funso ili: msodzi amapakiranji penti? Ana adzati n'kukongoletsa. Musaŵatsutse. Aike msomali m'botolo la madzi a m'nyanja, ndi kachidutswa ka poto wakale wa aluminiyamu m'botolo lina. Pakutha masiku ochepa msomali udzachita dzimbiri lofiira, koma kachidutswa kaja sikadzasintha kwenikweni. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, ndi yachitsulo, choncho mdani wake ndi dzimbiri lofiiralo. Thupi la injini ya boti ndi la aluminiyamu. Iye amadyeka mwakachetechete, makamaka pamene wakhudzana ndi chitsulo cha mtundu wina m'madzi. Amatulutsa ufa woyera, penti n'kutukusira, kenaka timaenje. Injini ndiyo chuma chachikulu cha banja la msodzi, ndipo ana a m'kalasi mwanu amadya za injiniyo.

Chigaŵo chofunika koposa ndi cha kufananitsa mtundu. Injini zambiri, monga za Yamaha, ndi zotuŵa. Koma dzuŵa limafwifwitsa penti, kotero kuti mtundu umene injini inabwera nawo si umene ili nawo lero. Auzeni ana ayerekeze kunja kwa chivundikiro ndi kumene dzuŵa silifika, adzaona okha. Tsono tifananitse ndi uti? Ndi wofwifwawo, pakuti ndiwo udzayandikana ndi chigamba chathu.

Gaŵani ana m'magulu. Gulu lililonse likhale ndi penti woyera, wakuda, kabuluu pang'ono, chitsekerero cha botolo choyezera, ndi kachidutswa ka lata. Ayambe ndi woyera, wakuda aziwonjezera pang'onopang'ono, chifukwa wakuda ndi wamphamvu: ukapyola muyeso, pafunika woyera wambiri kuti ubweze. Akasakaniza apake kamzere pa lata, alembe pambali pake muyeso umene atsata. Apa mpamene ophunzira athu ambiri amalakwa pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa. Amafulumira kufunsa kuti, “Gulu liti lakhoza?” penti akadali wamuŵisi. Penti amasintha maonekedwe akauma. Malatawo agone m'kalasi, ndipo maŵa lake ana akaŵaike pafupi ndi injini, panja koma pamthunzi, aweruze okha. Mwana amene waona kuti mzere umene anaukhulupirira dzulo lero wasiyana, wadziŵa chifukwa chake munthu wa sayansi amadikira ndi kulemba.

Masamu aloŵa okha. Ngati zitsekerero 6 za woyera ndi 1 cha wakuda zafanana ndi injini, pafunika zingati za wakuda pa zitsekerero 18 za woyera? Amene sanalembe muyeso wake adzasoŵa poyambira, ndipo tikupemphani kuti musamuuze yankho.

Kupaka kwenikweni kusiyireni mwini injini, ana aonerere. Mukampemphe mwaulemu masiku akadalipo. Ambiri amakondwa kutchedwa aphunzitsi tsiku limodzi. Adzatsuka mafuta ndi sopo, adzapala ndi sandipepa mpaka ufa woyera utatha ndi m'mbali mwa penti wakale mutasalala, adzaika penti woyamba woyenera aluminiyamu, kenaka wamtundu uja mopyapyala kaŵiri kapena katatu. Tsiku la mwera si labwino, fumbi limamatirira. Mankhwala osungunulira penti ana asaŵagwire, ndipo moto ukhale kutali.

Ana akamaonerera, afunseni apeze malo aŵiri amene bamboyo waŵalambalala. Oyamba ndi timabowo toloŵera madzi oziziritsa injini. Achiŵiri ndi kachitsulo kotuŵa komangidwa pafupi ndi pulopela, kamene kanaikidwa dala kuti kazidyeka m'malo mwa injini. Kakapakidwa penti kaleka ntchito. Gulu lililonse lijambule mwendo wa injini m'makope, lionetse malo aŵiriwo, ndipo pansi pake lilembe muyeso umene unafanana.